Mavalo a ng'ombe mumowa? Zilipo ndithu ku America

Pa 1 Epulo 2012, tsiku lija anthu amapusitsana, kampani ina yofulula mowa mumzinda wa Denver ku America inatulutsa kanema wachidule wolengeza kuti yayamba kufulula mowa wothira mavalo a ng'ombe. Eni ake, a Wynkoop Brewing Company, ankangocheza chabe. Iwo ankati anthu aseka, kenako aiwala.

Koma m'malo moiwala, ambiri anaikhulupirira nkhaniyo ndipo anayamba kufunsa komwe mowawo ukupezeka. Ataona choncho, akuluakuluwo anangoti bwanji tiyesedi. Anagula mavalo olemera makilogalamu pafupifupi 11, n'kuwadula timagawo, kuwaotcha ndi kuwathira m'phala la mowa wakuda wa mtundu wa stout. Pofika mwezi wa Okutobala chaka chomwecho, anthu anali akuumwa pa chionetsero chachikulu cha mowa chomwe chimachitika mumzindawo chaka ndi chaka. Utafika poikidwa m'zitini, unkagulitsidwa zitini ziwiriziwiri. Chifukwa chake owerenga angathe kuchidziwa okha.

Amene angamve izi koyamba atha kunena kuti azungu asowa chochita. Mwina n'zoona, koma nkhani yothira zakudya zachilendo mumowa ndi yaitali ndipo ili ndi mbali zambiri. Ina ndi yoseketsa, ina yapatsa alimi msika, pomwe ina yasiya anthu ali manja m'khosi pamaliro.

Mpikisano wa makampani ang'onoang'ono

Gwero la mchitidwewu masiku ano ndi dziko la America. M'chaka cha 1978 makampani ofulula mowa m'dziko lonselo sankafika ndi 100 omwe, ndipo pafupifupi onse ankapanga mowa wofanana, woyera, wosamveka kukoma kwenikweni. Chaka chomwecho mtsogoleri wa dzikolo, Jimmy Carter, anasayinira lamulo lololeza anthu kufulula mowa wakumwa okha pakhomo. Anthu anayamba kuyesa zosiyanasiyana m'makhitchini ndi m'magalaja, ndipo ena mwa iwo anadzatsegula timakampani tawo. Pofika m'chaka cha 2022, malo ofulula mowa m'dzikolo anali ataposa 9,000.

Pamsika wodzaza chotere, wogulitsa amafuna chinthu choti anthu amukumbukire nacho. N'chimodzimodzi mayi wa zitumbuwa pa depoti yemwe amathira kanthu kena kuti makasitomala asapite kwa mnzake. Kusiyana kwake n'kwakuti ku America "kanthu kenako" kanafika posayenera.

Kwafululidwa mowa wa maungu, wa tsabola, wa mtedza wosinja, wa nyama yankhumba yowamba ngakhalenso wa pizza. Kampani ya Rogue Ales ya ku Oregon inatenga timaubweya ta ndevu za mkulu wake wofulula, John Maier, yemwe anali asanamete kuyambira 1978, n'kupezamo yisiti yomwe inawiritsa mowa wotchedwa Beard Beer. Kampani ya Dogfish Head ya ku Delaware, m'chaka cha 2013, inapera timiyala tochokera ku mwezi tomwe tinagwa pansi pano n'kuthira fumbi lake mumowa. Kuti fumbilo linasintha chiyani pa kakomedwe, n'zovuta kunena, koma dzina la kampaniyo linamveka m'manyuzipepala ambiri, zomwe mwina ndi zimene ankafuna.

Ajapani nawonso sanafune kutsalira. Pa 1 Epulo 2013 kampani ya Sankt Gallen inagulitsa mowa wothira khofi yemwe njere zake zinayamba zadyedwa ndi njovu za ku Thailand, kenako n'kutoledwa m'ndowe, kutsukidwa ndi kukazingidwa. Ati m'mimba mwa njovu khofi amataya kuwawa. Mowawo unatha tsiku lomwelo.

Si zachilendo kwenikweni

Chodabwitsa n'chakuti mowa wa zinthu zitatu kapena zinayi zokha, womwe ambiri amautenga ngati ndiye weniweni, ndi umene uli wam'mbuyo muno. Makolo akale kulikonse ankathira mumbiya chilichonse chomwe chinali ndi shuga kapena fungo labwino.

Ku Jiahu m'dziko la China, akatswiri ofukula zakale anapeza mapale a miphika ya zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, ndipo atawapima anapeza kuti munkakhala chakumwa cha mpunga, uchi ndi zipatso. Amene anatsogolera ntchito yopimayo anali Patrick McGovern wa pa yunivesite ya Pennsylvania. Mkulu yemweyu anapimanso zotsalira m'ziwiya zamkuwa zomwe zinafukulidwa m'chaka cha 1957 ku Gordion m'dziko la Turkey, m'manda a zaka 2,700 omwe akuganiziridwa kuti ndi a Mfumu Midas kapena bambo ake. Zinaoneka kuti pamaliro a mfumuyo anthu anamwa chakumwa chosakaniza balere, mphesa ndi uchi. A Dogfish Head anatengera pomwepo n'kufulula mowa wotchedwa Midas Touch, womwe unatchuka kwambiri.

Ku England, buku la maphikidwe la Sir Kenelm Digby lomwe linasindikizidwa mu 1669 lili ndi malangizo a kafululidwe ka mowa wa tambala. Tambala ankamuphika bwinobwino, n'kumusinja pamodzi ndi mphesa zouma ndi zonunkhiritsa, kenako n'kuthira zonsezo mumowa ndi kutseka kwa pafupifupi sabata. Anthu a nthawiyo ankakhulupirira kuti mowa wotere umapatsa abambo mphamvu, nkhani yomwe ngakhale kuno kwathu siisowa oikhulupirira.

Nanga zinatani kuti mowa ukhale wa balere yekha? Pa 23 Epulo 1516, mumzinda wa Ingolstadt, olamulira chigawo cha Bavaria ku Germany, Wilhelm IV ndi m'bale wake Ludwig X, anakhazikitsa lamulo lakuti mowa uzifululidwa ndi madzi, balere ndi hops basi. Hops ndi timaluwa towawa ta chomera china choyanga, ndipo ndi timene timapatsa mowa wa m'mabotolo kuwawa kuja komanso kuuteteza kuti usaonongeke msanga. Zolinga za lamuloli zinali zingapo. Ankafuna kuti tirigu atsalire ophika buledi kuti mtengo wake usakwere, komanso ankafuna kuletsa ofulula kuthira zitsamba zozunguza mutu, zomwe zina zinali poizoni weniweni. Yisiti sanaitchule m'lamulolo.

Lamuloli linadzafalikira m'dziko lonse la Germany, ndipo kwa zaka zambiri mowa wakunja wothira zina sunkaloledwa kugulitsidwa kumeneko ndi dzina lakuti mowa, mpaka mu 1987 pomwe khoti la mgwirizano wa maiko a ku Ulaya linagamula kuti kutero n'kutsekereza malonda. Anansi awo a ku Belgium sanamangidwepo ndi lamulo lotere. Iwo anapitiriza kuthira zipatso za cherry mumowa wawo wowawasa wotchedwa kriek, ndi makoko a malalanje mumowa wa tirigu. M'chaka cha 2016 bungwe la UNESCO linaika chikhalidwe cha mowa cha dziko la Belgium pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse.

Zomwe zimachitika mumbiya

Mayi aliyense amene anafululapo masese kapena kuphika thobwa amadziwa kale chinsinsi cha mowa, ngakhale sangachifotokoze m'chilankhulo cha asayansi. Ufa wa chimanga, mapira kapena mawere uli ndi sitachi, ndipo yisiti singathe kudya sitachi. Mbewu ikanyikidwa n'kumera, imatulutsa michere ina imene imaphwanya sitachiyo kukhala shuga. Ndiyo ntchito ya chimera, ndipo n'chifukwa chake phala lolimba limasungunuka n'kuyamba kutsekemera chimera chikangothiridwa. Kenako yisiti imadya shugayo n'kutulutsa ukali wa mowa ndi mpweya umene umaoneka ngati kuwira.

Anthu a m'madera osiyanasiyana anapeza njira zawozawo zophwanyira sitachi. Ku Zambia ndi ku Congo amasinja mizu ya munkoyo n'kuiviika m'phala. Kumapiri a Andes, ku Peru ndi Bolivia, ena ankatafuna chimanga n'kuchilavulira m'chiwiya chifukwa malovu a munthu ali ndi michere yogwira ntchito yofanana ndi ya chimera. Mowa wake umatchedwa chicha. M'chaka cha 2009 ogwira ntchito ku Dogfish Head anakhala pansi n'kutafuna chimanga chofiirira cha ku Peru kuti ayese njirayi, ndipo popeza phalalo limawiritsidwa pamoto pambuyo pake, tizilombo ta m'kamwa timafa.

Munthu akamvetsa zimenezi, sizivutanso kuona kuti chakudya chilichonse chothiridwa mumowa chimachita chimodzi mwa zinthu zochepa. China chimabweretsa sitachi kapena shuga, monga chinangwa, buledi, nthochi ndi uchi. China chimangobweretsa fungo ndi kakomedwe, monga khofi, tsabola ndi makoko a malalanje. Ndipo china chimangobweretsa nkhani yokamba pa bala. Mavalo a ng'ombe aja ali m'gulu lomalizali.

Vuto lalikulu kwa oyesa zimenezi ndi mafuta. Thovu la mowa limagwirizika ndi mapuloteni ochokera ku chimera, ndipo kadontho kochepa ka mafuta kamaligwetsa nthawi yomweyo. Yesani kumwera m'tambula yomwe yakhudzana ndi chiwaya cha tchipisi muone. Choncho ofulula mowa wa mtedza amagwiritsa ntchito ufa wa mtedza wochotsedwa mafuta, ndipo wa nyama amayesetsa kuyengula mafuta onse asanauike m'mabotolo.

Zipatso nazo zili ndi msampha wake. Ngati madzi a zipatso athiridwa kumapeto, mowa n'kutsekeredwa m'chitini yisiti ikadali yamoyo, kuwira kumapitirira m'kati momwemo. Ku America kwakhala kukumveka nkhani za zitini zophulika m'masitolo ndi m'nyumba za anthu, mpaka makampani ena kuitanitsanso katundu wawo. Amene anasiyapo chigubu cha thobwa chotseka kwambiri padzuwa sangadabwe nazo.

Mkaka ndi wosiyana. Shuga wa mumkaka, wotchedwa lactose, yisiti ya mowa siimudya, ndiye amatsala momwemo n'kupangitsa mowa kukhala wotsekemera pang'ono ndi wolemerera pakamwa. Kampani ya Mackeson ya ku Hythe ku England inayamba kufulula mowa wotere mu 1907, ndipo Castle Milk Stout ya ku South Africa ndi ya mtundu womwewo. Koma kwa anthu omwe m'mimba mwawo simugwirizana ndi mkaka, kapena omwe thupi lawo limadana ndi mtedza kapena nkhono za m'nyanja zotchedwa oyster zomwe ena amathira mu stout, botolo losalembedwa bwino zomwe zili m'katimo litha kuwagoneka m'chipatala.

Pamene nzeru zinagwira ntchito

Si zonse zomwe zili zongofuna kutchuka. M'chaka cha 2007, alimi a ng'ombe pachilumba cha Hokkaido ku Japan anali ndi mkaka wochuluka wosowa msika, wina mpaka kumatayidwa. Kampani yofulula mowa ya ku Abashiri inatulutsa chakumwa chotchedwa Bilk, chomwe pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu linali mkaka.

Ku Brussels mu 2015, gulu la Brussels Beer Project linayamba kutolera buledi wotsala m'masitolo n'kufulula mowa wotchedwa Babylone. Tristram Stuart, Mngelezi wodziwika polimbana ndi mchitidwe wotaya chakudya, anatengera nzeruyi n'kuyambitsa Toast Ale ku London mu 2016. Buledi amaumitsidwa, kuphwanyidwa, n'kulowa m'malo mwa gawo lina la chimera cha balere. Chakudya chomwe chikanathera kudzala chimasanduka ndalama.

Chitsanzo chapafupi ndi cha ku Mozambique. Balere sachita bwino m'maiko otentha, choncho makampani a mowa mu Africa muno akhala akuononga ndalama zakunja poitanitsa chimera kuchokera kutali. Chakumapeto kwa 2011, kampani ya Cervejas de Moçambique inatulutsa mowa wotchedwa Impala ku fakitale yake ya ku Nampula, wofululidwa ndi magawo 70 pa 100 alionse a chinangwa. Chomwe chinkalepheretsa zimenezi kale n'chakuti chinangwa chikakumbidwa chimayamba kuonongeka pakangotha tsiku limodzi kapena awiri. Kampani ya ku Netherlands yotchedwa DADTCO inabwera ndi makina oyenda pagalimoto omwe amapita kumidzi komweko kukapera ndi kufinya chinangwacho chikadali chachiwisi. Boma linachepetsa msonkho pa mowawu, mtengo wake unatsika, ndipo alimi ang'onoang'ono anapeza kogulitsa mbewu yomwe kale inkangodyedwa pakhomo. Dziko la Uganda linali litachita kale zofananazo mu 2002 ndi mowa wa mapira wotchedwa Eagle Lager.

Kuno ku Malawi, fakitale ya Carlsberg yomwe inatsegulidwa mumzinda wa Blantyre mu 1968 inali yoyamba ya kampaniyo kunja kwa dziko la Denmark, ndipo mu 2016 inagulidwa ndi a Castel a ku France. Mowa wa m'mabotolo obiriwira ndiye unazika m'maganizo mwa ambiri kuti ndiwo wapamwamba. Komatu zomwe azungu akuzitcha zatsopano lerozi, anthu a mu Africa sanazisiyepo. Ku Rwanda amafulula mowa wa nthochi ndi mapira okazinga, Achaga a m'mphepete mwa phiri la Kilimanjaro amasakaniza nthochi ndi mawere, ku Ethiopia kuli wa uchi, ndipo m'chigwa cha Zambezi masau amasanduka kachasu.

Mkangano wa nangumi

Pali ena omwe anaputa mkwiyo. M'chaka cha 2014, kakampani kotchedwa Steðji ku Iceland kanatulutsa mowa wothira ufa wa nangumi pokonzekera chikondwerero cha m'nyengo yozizira, pomwe anthu a kumeneko amadya zakudya za makolo awo. Akuluakulu azaumoyo anauletsa, koma nduna ya boma inalowererapo n'kulola kuti ugulitsidwe. Chaka chotsatira kampaniyo inanyanyira. Inatenga mavalo a nangumi, lililonse lolemera makilogalamu 7 kapena 8, n'kuwawamba ndi utsi wa ndowe zouma za nkhosa, njira yakale yowambira nyama m'dziko losowa mitengolo. Mabungwe oteteza zamoyo za m'nyanja anadzudzula kwambiri ponena kuti nyama yomwe maiko ambiri anasiya kuipha siyoyenera kuseweretsa pofuna kutsatsa malonda. Eni ake anayankha kuti akungotsata chikhalidwe chawo.

Pamene mowa unapha

Zoseketsa zimathera pomwe chothiridwacho chili chinthu chomwe womwa sakuchidziwa.

M'chaka cha 1900, anthu oposa 6,000 m'dera la Manchester ndi madera oyandikana nawo ku England anadwala matenda ofooketsa manja ndi miyendo, ndipo osachepera 70 anamwalira. Poyamba madokotala ankati ndi zotsatira za uchidakwa, mpaka Dr Ernest Reynolds atapima mowawo n'kupezamo poizoni wa arsenic. Makampani ena, pofuna kuchepetsa ndalama zogulira chimera, ankathira shuga wotchipa yemwe anapangidwa ndi asidi woipitsidwa.

Mumzinda wa Quebec ku Canada, pakati pa 1965 ndi 1966, madokotala anadabwa kulandira anthu pafupifupi 50 odwala mtima mwadzidzidzi, ambiri mwa iwo abambo omwa kwambiri. Anthu 20 anamwalira. Kafukufuku analoza mankhwala a cobalt omwe kampani ya Dow inayamba kuthira mumowa kuti thovu lizikhalitsa. Kampaniyo inataya mowa wambirimbiri womwe unali m'nkhokwe zake, koma dzina lake silinadzukenso. Matenda ofananawo anaonekanso ku Omaha ndi Minneapolis ku America komanso ku Leuven ku Belgium, ndipo cobalt atasiya kuthiridwa mumowa anazimiririka.

Tsoka lapafupi kwambiri linagwa mu Januwale 2015 ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Anthu ochokera kumaliro anamwa mowa wamasese, womwe kumeneko amati pombe, wofululidwa mu mgolo. Pasanapite nthawi anayamba kusanza, kutsegula m'mimba ndi kufooka. Anthu oposa 230 anadwala ndipo 75 anamwalira, kuphatikizapo mayi yemwe anafulula mowawo.

Mphekesera inawanda msanga yakuti wina wathira ndulu ya ng'ona, ndipo manyuzipepala a m'maiko ambiri anailemba choncho. Chikhulupiriro chakuti ndulu ya ng'ona ndi chiphe choopsa n'chofala kuno, ku Zambia ndi ku Zimbabwe. Koma kale m'zaka za m'ma 1980, katswiri wa zamankhwala wa pa yunivesite ya Zimbabwe, Norman Nyazema, anayesa nduluyi pa mbewa za mu labotale ndipo sanapeze kuti imapha.

Zotsalira za mowawo ndi ufa zinatumizidwa kunja kukapimidwa, ndipo mu Novembala 2015 akuluakulu azaumoyo ku Mozambique analengeza zotsatira. Munalibe ndulu kapena mankhwala othiridwa ndi munthu wanjiru. Munali poizoni wotchedwa bongkrekic acid, wopangidwa ndi kachilombo kotchedwa Burkholderia gladioli komwe kanaswana mu ufa wa chimanga umene unanyowa n'kuyamba kuonongeka. Ufawo unaoneka wosayenera nsima, koma anthu anaganiza kuti ku mowa ulibe vuto. Poizoniyu sanunkha, samveka pakamwa, satha ndi moto, ndipo palibe mankhwala omusukulutsa akalowa m'thupi. Ku Indonesia anapha anthu ambiri kudzera m'chakudya china cha zotsalira za kokonati, mpaka boma linachiletsa mu 1988.

Chizolowezi chopatula chimanga chowola kuti chipite ku mowa chiliponso m'midzi ya kuno. Akatswiri a ku Malawi, motsogozedwa ndi Limbikani Matumba, anasindikiza mu 2011 zotsatira za kafukufuku yemwe anapeza poizoni wa chuku wotchedwa aflatoxin m'chimera cha mapira ndi mumowa wamasese m'chigawo chakummwera, ndipo mu 2014 anapezanso poizoni wina wa chuku wotchedwa fumonisin mumowa wa chimanga. Poizoni wa chuku sagwetsa munthu tsiku lomwelo ngati wa ku Chitima uja. Aflatoxin amaononga chiwindi pang'onopang'ono ndipo ndi chimodzi mwa zinthu zodziwika zoyambitsa khansa ya chiwindi. Chimera chomwe chimalowa mumasese ndi chomwechonso chimalowa mu thobwa lomwe ana amamwa popita kusukulu, ndipo chuku chimachigwira kwambiri chikachedwa kuuma pa nthawi yoyanika.